Kodi khofi angathandize munthu wa mphumu akabanika?

*"Adokotala, ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala ku Zomba. Ndakhala ndi mphumu kuyambira ndili mtsikana. Ikafika June ndi July ndimavutika kwambiri, makamaka m'bandakucha. Chifuwa chimalira ngati muli tiana ta mphaka, mpweya osakwana. Inhela ya buluu ikandithera, kuchipatala chathu chaching'ono nthawi zambiri amandipatsa mapiritsi a aminophylline. Alamu anga anandiuza kuti ndikabanika ndizimwa khofi wakuda, wopanda mkaka, makapu awiri. Ndinayesa, ndipo ndinamva kupepukidwa pang'ono, koma mtima unathamanga kwambiri, manja kunjenjemera, tulo osabwera mpaka kunja kunacha. Kodi khofi ndi mankhwaladi a mphumu? Ndizimwa makapu angati? Nanga mwana wanga wa zaka 7, amene nayenso wayamba kulira m'chifuwa, ndingamupatse?"*

Mayi, mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Poyamba mtima ukhale m'malo. Alamu anu sanakunamizeni, ndipo kupepukidwa kumene munamva kuja sikunali kwa m'maganizo chabe. Khofi amatseguladi njira za mpweya. Kungoti amatsegula pang'ono, amachedwa kuyamba ntchito, ndipo kwa inu amene mumamwa aminophylline ndi woopsa kuposa mmene alili kwa anthu ena. Mphumu yanu ingathe kugonja, mpaka kumagona tulo tabwino mwezi wa July wonse, koma chimene chingaigonjetse si khofi.

Munthu akabanika, m'mapapo mumachitika zinthu zitatu nthawi imodzi. Timinofu tozungulira tinjira ta mpweya timafinya tinjirato. Khoma la m'kati mwa tinjirato limatupa. Ndipo mumadzaza makhololo onanda amene sachoka msanga. Kufinya kwa timinofu kumabwera m'mphindi zochepa ndipo kungamasukenso m'mphindi zochepa. Kutupa ndiye gwero la matendawa: kumakhalapo masabata ndi miyezi, ngakhale masiku amene mukuyenda bwinobwino osamva kanthu. Mphepo ya Chiperoni kapena utsi wa mbaula zikangokhudza tinjira totupa kale, timinofu timafinya nthawi yomweyo. Mankhwala aliwonse a mphumu tiziwafunsa kuti akugwira pati pa zinthu zitatuzi.

Khofi amagwira pa timinofu pokha, ndipo mofooka. Mwa iye muli kafeini, yemwe ndi wa mtundu umodzi ndi theophylline, mankhwala akalekale a mphumu. Aminophylline amene mumalandirayo ndi theophylline yemweyo, wosakanizidwa ndi chinthu china chomuthandiza kusungunuka. Chiwindi chanu chikamagaya kafeini, pafupifupi magawo 4 pa 100 alionse chimawasandutsa theophylline weniweni. Choncho malangizo a alamu anu ali ndi mbiri yake. Dokotala wa ku London, Henry Hyde Salter, amene iye mwini anali ndi mphumu, analemba buku la matendawa mu 1860, ndipo anayamikira khofi wamphamvu, wakuda, wotentha kwambiri, kuti ndi mmodzi mwa mankhwala abwino amene ankawadziwa. Kumbukirani kuti salbutamol, wa mu inhela ya buluu ija, anadzabwera patapita zaka zoposa 100. Salter ankalangiza khofi chifukwa m'manja mwake munalibe china choposa.

Za mphamvu yake zinayesedwa. Mu 2010 bungwe la Cochrane linasonkhanitsa kafukufuku 7 wokhudza anthu 75 a mphumu yosakula kwambiri. Anapeza kuti kafeini amawonjezera mpweya umene munthu angautulutse mwamphamvu m'sekondi imodzi ndi pafupifupi magawo 5 pa 100, ndipo kusinthaku kumaoneka kwa maola awiri, mwina mpaka anayi. Taonani zinthu ziwiri pamenepa. Anthu 75 ndi ochepa, ndipo sanali anthu obanika pakati pa usiku. Anali odwala okhazikika, akupuma m'makina oyezera. Chachiwiri, 5 pa 100 ndi kusintha koti makina amakuona bwino kuposa mmene wodwala amakumvera. Pamene tikuyeza ngati munthu ali ndi mphumu, timayembekezera kuti salbutamol akweze mpweya womwewo ndi magawo 12 pa 100 kapena kuposa, m'mphindi 15 zokha.

Mwafunsa za makapu. Tiyeni tiwerengere limodzi kuti muone chifukwa chake sindikupatsani nambala yoti muzitsatira. M'kafukufuku wotere mlingo wodziwika ndi mamiligalamu 5 a kafeini pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndipo ena ankapereka kuposa pamenepo. Ngati mumalemera makilogalamu 60, ndiye kuti mamiligalamu 300 nthawi imodzi. Kapu ya khofi weniweni wosefa, monga wa Mzuzu Coffee, imakhala ndi mamiligalamu 80 mpaka 100. Supuni yaing'ono ya khofi wosungunuka ngati Nescafé imakhala ndi pafupifupi 60. Kapu ya tiyi wakuda ili ndi 40 mpaka 50, ndipo botolo laling'ono la Coca-Cola lili ndi ongopitirira 30. Ndiye kuti mufike pa 300 muyenera kugugudiza makapu atatu kapena anayi a khofi weniweni, kapena masupuni asanu a wosungunuka. Komatu akatswiri a zakudya amati munthu wamkulu wathanzi asapitirire mamiligalamu 200 pa kumwa kumodzi, ndi 400 pa tsiku lonse. Mlingo umene ungatsegule chifuwa pang'ono wadutsa kale mlingo umene mtima umaulandira mwamtendere.

Palinso nkhani ya mtundu wa khofi, imene ambiri saiganizira. Zitini zimene zili m'makhitchini ambiri kuno, Ricoffy ndi Frisco, si khofi yekhayekha. Amasakaniza ndi muzu wa chomera chimene achingerezi amati chicory, ndipo muzuwu ulibe kafeini n'komwe. Munthu angamwe makapu awiri a Ricoffy n'kumaganiza kuti wamwa mankhwala, pamene chamuthandiza ndi kukhala tsonga, kumwa chotentha ndi kudekha. Za mkaka musavutike nazo. Mkaka suchotsa mphamvu ya kafeini, ndiponso suchulukitsa makhololo monga ambiri amanenera, pokhapokha ngati thupi lanu limadana ndi mkakawo.

Kenako nthawi. Kafeini amafika pachimake m'magazi pakadutsa mphindi 30 mpaka ola limodzi chimwereni, nthawi zina kuposa. Salbutamol wopopera amayamba ntchito mphindi zisanu zisanathe, chifukwa amapita molunjika pamene pali vuto, osadzera m'mimba ndi m'chiwindi. Kwa munthu amene mpweya ukumuthera, ola ndi nthawi yaitali kwambiri. Ndipo kafeini akalowa sachoka msanga: pakatha maola pafupifupi asanu, theka lake limakhala likadali m'thupi. N'chifukwa chake tulo tinakuthawani mpaka m'mawa. Kwa amayi amene akumwa mapiritsi akulera nthawiyi imatalika pafupifupi kawiri, ndipo kwa oyembekezera m'miyezi yomaliza imatalika kuposa pamenepo.

Tsopano chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu. Kuthamanga kwa mtima ndi kunjenjemera kwa manja kumene munamva ndi chenjezo, musalinyalanyaze. Aminophylline ndi mankhwala amene mlingo wochiza ndi mlingo wovulaza zili pafupi kwambiri. Iye ndi kafeini amagayidwa ndi njira imodzi m'chiwindi, choncho akakumana amapanikizana: aminophylline amachedwa kuchoka, ndipo zovuta za onse awiri zimaphatikizana. Zimayamba ndi mseru, kusanza, mutu, kusakhazikika. Zikakula, mtima umagunda mosalongosoka, ndipo munthu angathe kugwa n'kumaphupha ngati wa khunyu. Ngati pa nthawi yomweyo mukumwa ciprofloxacin kapena erythromycin (mankhwala opha tizilombo toyambitsa matenda), kapena cimetidine (wa zilonda za m'mimba), ngoziyo imakula, chifukwa mankhwala amenewa amachedwetsanso chiwindi kuchotsa aminophylline. Ciprofloxacin amachedwetsanso kuchoka kwa kafeini yemweyo. Ngakhale salbutamol, mukapopera kambiri n'kuwonjezerapo khofi wamphamvu, mtima umathamanga koposa, ndipo mchere wa potaziyamu umene umathandiza mtima kugunda bwino umatsika m'magazi. Lamulo langa kwa inu n'losavuta: tsiku limene mwamwa aminophylline, khofi wamphamvu ndi zakumwa zopatsa mphamvu monga Red Bull zisalowe m'kamwa mwanu.

Khofi amabweretsanso chilungulira kwa anthu ena. Asidi wa m'mimba akamakwera kummero usiku amayambitsa kutsokomola ndi kubanika, ndiye khofi wa madzulo angathe kuitana vuto lomwe mumafuna kulithawa.

Koma choopsa chachikulu cha khofi ndi kuchedwetsa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 262 miliyoni anali ndi mphumu, ndipo 455,000 anamwalira nayo, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka ngati athu. Odwala amene amafika kuchipatala zinthu zitaipa kwambiri kawirikawiri si amene analibiretu chochita. Ndi amene anapepukidwa pang'ono ndi china chake, kaya khofi, kaya uchi ndi mandimu, kaya kufukiza bulugamu, n'kunena kuti tidikire kuche. Pamene timinofu tamasuka pang'ono, kutupa kumakhala kukupitirira, ndipo kukafika pena pake ngakhale inhela imalephera kulowetsa mankhwala.

Nazi zoyenera kuchita mukabanika. Khalani tsonga, mowerama pang'ono, mikono itatsamira pa tebulo kapena pa mawondo. Musagone chagada. Chokani pa utsi. Gwedezani inhela ya buluu, poperani kamodzi, kokani mpweya, dikirani theka la mphindi kapena mphindi imodzi, gwedezaninso, poperaninso. Yambani ndi maulendo 4. Ngati simukusintha pitirizani mpaka 10. Mungabwereze zimenezi mphindi 20 zilizonse kwa ola limodzi, koma ngati mwafika pobwereza, mukhale muli kale panjira ya kuchipatala.

Inhela imagwira bwino kwambiri mukaipopera m'botolo. Munthu wobanika amalephera kugwirizanitsa kupopera ndi kukoka mpweya, ndipo mankhwala ambiri amathera pa lilime ndi kummero. Chipangizo chimene achipatala amati spacer chimathetsa vutoli, ndipo mungachipange nokha. Mu 1999 madokotala a pa chipatala cha ana cha Red Cross ku Cape Town, motsogozedwa ndi Heather Zar, anaonetsa kuti botolo la pulasitiki la mamililita 500 limagwira ntchito mofanana ndi chogula. Tengani botolo la madzi kapena la zakumwa la kukula kumeneko. Litsukeni ndi madzi a sopo, musalipukute ndi nsalu, lisiyeni liume lokha. Kupukuta kumachititsa kuti mankhwala azimatirira m'makoma a botolo. Pindani waya molingana ndi kukamwa kwa inhela, muutenthe pa moto, mubowole nawo kunsi kwa botolo. Pulasitiki ikadali yofewa, lowetsani kukamwa kwa inhela kuti pagwirane bwino, ndipo ngati patsala mpata matani ndi tepi. Botolo latsopano poperanimo kangapo musanayambe kuligwiritsa ntchito. Pogwiritsa ntchito, milomo igwire kukamwa kwa botolo, poperani kamodzi kokha, kenako pumani mwachizolowezi maulendo 4 mpaka 6. Cholakwika chimene timachiona kwambiri ndi kupopera kanayi motsatizana kenako n'kukoka; mankhwala amagundana n'kugwera pansi pa botolo.

Thamangirani kuchipatala, usiku kapena usana, ngati simungathe kumaliza chiganizo popanda kupumira pakati, ngati mukupuma koposa maulendo 25 pa mphindi, ngati mtima ukugunda koposa 110 musanachite chilichonse, kapena ngati mwapopera maulendo 10 osasintha. Milomo kapena lilime kuda, kuwodzera, kusokonezeka mutu, ndi zizindikiro zoti moyo uli pachiswe. Ndipo achibale anu adziwe ichi: munthu amene chifuwa chake chimalira kwambiri kenako n'kungoti zii, iye akuvutikabe kupuma, sanachire ayi. Mpweya wasiya kuyenda mokwanira kuti ulize chifuwa. Kuchipatala akakupatsani salbutamol wochuluka, mpweya wa okosijeni ngati ukufunika, ndi prednisolone, amene kwa munthu wamkulu amakhala mamiligalamu 40 mpaka 50 tsiku lililonse kwa masiku 5 mpaka 7. Prednisolone ndiye amatsitsa kutupa, ndipo amatenga maola angapo kuti ayambe, choncho kumulandira msanga n'kofunika.

Mwina mufunsa kuti, nanga usiku umene mulibe inhela m'nyumba, chipatala chili kutali? Ndikuyankhani mosabisa. Ngati ndinu wamkulu, simuli oyembekezera, mulibe vuto la mtima, simunamwe aminophylline, ndipo mukutha kumeza bwinobwino, kapu imodzi kapena ziwiri za khofi weniweni sizikuvulazani ndipo zingakupepuzeni pang'ono. Koma muzimwa pamene wina akukasaka galimoto kapena njinga yamoto, osati m'malo mwa ulendowo. Munthu amene akupuma mothamanga kwambiri kapena akuwodzera musamumwetse chilichonse, angatsamwe.

Chimene chingasinthe moyo wanu ndi inhela ina, imene m'kalata yanu simunaitchule. Ndi yoteteza, kawirikawiri ya mtundu wa bulauni, ya mankhwala a beclometasone. Iyi ndiyo imachiza kutupa kuja. Simva kusintha pomwepo mukapopera, ndipo n'chifukwa chake ambiri amaitaya pambali n'kunena kuti sigwira ntchito. Imafuna kupopera m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse, ngakhale muli bwino. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo kumapitirira kwa miyezi ingapo. Mukatha kupopera, chukuchani m'kamwa ndi madzi n'kulavula, kuti musatuluke zoyera m'kamwa kapena kusasa mawu. Kuyambira mu 2019 bungwe la GINA, limene limalemba malangizo a mphumu a dziko lonse, linasiya kuvomereza kuti munthu wamkulu azidalira inhela ya buluu yokha. Ilipo inanso yophatikiza budesonide ndi formoterol, yomwe imatsegula ndi kuteteza nthawi imodzi. Ndi yabwino, koma ndi yokwera mtengo ndipo sipezeka paliponse.

Dziyeseni motere pa masabata anayi apitawa. Kodi mwabanika masana koposa kawiri pa sabata? Mwadzukapo usiku chifukwa cha chifuwa? Mwagwiritsa ntchito ya buluu koposa kawiri pa sabata? Pali ntchito imene mwalephera chifukwa cha phuma? Yankho limodzi lokha la inde likutanthauza kuti mphumu sinagonje. Werengani ndi mainhela. Imodzi imakhala ndi mapopedwe 200. Munthu amene amamaliza atatu kapena kuposa pa chaka ali pangozi yobanika kwambiri, ndipo womaliza imodzi mwezi uliwonse ali pangozi ya imfa. Mmene mwafotokozeramu, inu mukufunika yoteteza mosakayika. Ena amaopa kuti inhela imazolowereka kapena imafooketsa mtima. Si zoona. Mankhwala opopera amalowa m'magazi ochepa kwambiri poyerekeza ndi mapiritsi, ndipo ndi abwino ngakhale kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa.

Mwana musamupatse khofi ngati mankhwala. Thupi lake ndi laling'ono, mlingo woti ungatsegule chifuwa ungamusanzitse ndi kuthamangitsa mtima wake, ndipo ana amafooka mofulumira kuposa akulu. Mupite naye akamuyeze, chifukwa kulira m'chifuwa kwa mwana si mphumu nthawi zonse: kungakhale chibayo, TB, kapena kanthu kamene anatsamwa nako monga mtedza kapena njere ya chimanga, makamaka ngati kunayamba mwadzidzidzi. Akapezeka ndi mphumu, botolo lija ndi lake, ndipo pa zaka 7 angathe kuligwira ndi milomo popanda chophimba kumaso. Achipatala alembe mlingo wake m'buku lake la kuchipatala, ndipo aphunzitsi ake adziwe. Mukaona khungu la pakati pa nthiti kapena pansi pa khosi likulowa m'kati akamapuma, akupuma koposa maulendo 30 pa mphindi, kapena akulephera kulankhula ndi kumwa, nyamukani nthawi yomweyo.

Inunso, ngakhale mphumu ndi yakale, musamangoti chifuwa chilichonse ndi yomweyo. Kutsokomola kopitirira masabata awiri, kutuluka thukuta usiku, kuonda kapena magazi m'makhololo, kayezetseni TB. Kubanika kobwera ndi kutupa miyendo ndi kulephera kugona chagada kungakhale kwa mtima, ndipo pamenepo khofi wamphamvu ndi woipiratu.

Pa zoyambitsa ndingotchula zimene zimavuta kwambiri m'nyengo yozizira. Mbaula ya makala m'nyumba yotseka mawindo ndi mdani wamkulu. Phikirani panja kapena pakhonde. Mabulangete ndi majuzi amene akhala m'sutikesi chaka chonse achapeni ndi kuwayanika padzuwa musanayambe kufunda. Wazani madzi musanasese. Utsi wa makoyilo othamangitsa udzudzu, mankhwala opopera mphemvu ndi mphemvu zomwezo, fumbi la kuchigayo ndi la fodya, zonsezi zimaputa chifuwa. Potuluka m'mamawa phimbani mphuno ndi pakamwa ndi kansalu kuti mpweya uzilowa utafunda. Samalaninso ndi mankhwala a mutu. Asipirini, ibuprofen ndi diclofenac amabanikitsa anthu ena a mphumu, ndipo mankhwala ena a m'magolosale, monga ufa wa Grand-Pa, amasakaniza asipirini ndi kafeini. Werengani pa paketi. Paracetamol ndiye wosaopsa kwa ambiri. Ngati adzakulemberani propranolol kapena atenolol a kuthamanga kwa magazi, nenani kuti muli ndi mphumu, chifukwa amatseka njira za mpweya.

Khofi wa m'mawa ngati chakumwa sindikukuletsani. Kapu imodzi kapena ziwiri pa tsiku limene simukumwa aminophylline zilibe vuto, bola isakhale ya madzulo. Mukadzakhala oyembekezera musapitirire mamiligalamu 200 pa tsiku. Tsiku lokayezetsa mapapo popuma m'makina, musamwe khofi, tiyi kapena Coca-Cola kwa maola anayi musanayezedwe, kuopa kuti zotsatira zingaoneke bwino kuposa mmene mulili, n'kukupatsani mankhwala ochepa.

Sabata ino pitani kuchipatala cha boma chachikulu cha m'boma lanu, mufunse kiliniki ya matenda osapatsirana, kumene amaonako a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Tengani buku lanu, inhela yakutha ndi mapiritsi amene mwatsala nawo. Muwauze kuti mumadzuka usiku kangati pa sabata, mainhela angati mwamaliza chaka chino, ndiponso zimene zinachitika mutamwa khofi pamwamba pa aminophylline. Pemphani beclometasone, pemphani kuti akuoneni mukupopera kuti akukonzeni pamene mukulakwitsa, ndipo akulembereni papepala zoyenera kuchita mukabanika. Chaka chamawa muyambe kusamala kwambiri mu April, mutatenga kale inhela ya buluu yapadera yosunga, kuti June adzakupezeni tinjira ta mpweya titaphwa kale.